Ndinachipereka ndi Manja Awiri

"Gwada bwino, iwe! Mawondo onse pansi!"

Ndinagwada. Timiyala ta pabwalo la sukulu tinandilasa m'mawondo, mphepo ikulowa pamene kabudula anang'ambika. M'manja ndinanyamula chikatoni chodulidwa ngati chishango. Chinkanunkhabe sopo amene anabweramo. Khumbo anaima patsogolo panga atavala jekete lalikulu lomufika m'mawondo, akudziluma mlomo kuti asaseke. Aphunzitsi a Mbewe ankatizungulira ndi kamtengo kawo, zala zili mbuu ndi choko.

"Manja awiri. Nanga ukupatsa galu? Tiye, nena mawu ako."

Ndinatambasula manja onse. "Landira msuweni, n'chako ichi. Ine ndilibe nacho mawu."

"Mokweza! Wakumbuyo amve!"

Ndinabwereza mokweza, mpaka tiana ta Sitandade 1 tinasuzumira pa mawindo.

Tinkakonzekera sewero la tsiku lotsekera sukulu. Ine ndinali Sitandade 6. Dzina langa ndine Zondiwe, wa kwa Soko, kumwera kwa Mzimba, kumene ukadzuka ndi tambala umafika pa Jenda dzuwa lisanatenthe. Khumbo ndi mwana wa a Yotamu, mng'ono wawo wa bambo anga. Kwathu munthu wotere si msuweni. Ndi mkulu wanga, ndipo bambo ake ndinkawatchula kuti adada. Usuweniwo unali wa m'sewero basi.

Inali nyengo yachisanu. Chisanu cha kwathu chilibe manyazi. M'mawa udzu wa kudambo unkayera ngati wathiridwa ufa, ndipo tinkapita ku sukulu manja ali m'khwapa, ming'alu ya kumapazi ikutuluka magazi. Ena ankanyamula mwala wootcha pamoto, wokulunga m'chiguduli, n'kumausinthasintha m'manja mpaka uzizire. Chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe. Ng'ombe zinkangoyendayenda m'minda kudya mapesi, ndipo mudzi wonse unkanunkha ndowe youma, utsi, ndi fodya wa m'zigafa amene ankadikira ngolo za ku Jenda. Cha masana chinali mbatata yootcha, yozizira kale, ya m'thumba la kabudula. Unkaidya pamodzi ndi fumbi.

A Mbewe anali a ku Dowa. Boma linawatumiza kwathu chaka chomwecho, ndipo Chitumbuka chawo chinathera pa yewo. Sanali munthu wankhanza. Ankakonda masewero kuposa masamu, ndipo ili analipeka okha. Nkhani yake inali yotere. Mkulu wina wamwalira, wasiya chishango cha makolo ake. Mwana wake wamwamuna wachitenga, akuti n'cha bambo anga. Kenaka pakubwera mphwake wa malemuyo, mwana wa mlongo wawo, ndipo akuluakulu akugamula kuti za malume zimapita kwa mphwake, mwana akafune zake kwa amalume ake. Mwana uja akuchita makani, anthu akumunyoza kuti ndi wadyera, pomaliza akugwada n'kupereka. Mwana wadyerayo ndinali ine. Mphwake anali Khumbo.

Tsiku limene anatifotokozera nkhaniyi kalasi yonse inaseka. Mtsikana wina wa pabenchi lakutsogolo anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, kuno sititero. Kuno malume ndi mlendo. Amabwera kudzadya nkhuku n'kumapita."

"Kwathu timatero," anatero a Mbewe. "Komanso ili ndi sewero chabe. Za m'sewero zimathera pabwalo."

Mawu amenewo ndinawamva kambirimbiri nyengo imeneyo. Sewero chabe.

Kunyumba kwathu kunali chishango chenicheni. Chinkakhala kumapaso a nyumba ya amama, pamene utsi umafika, kuti njenjete zisachidye. Chinali cha chikopa cha ng'ombe yofiira, chokhala ndi banga loyera pakati, lopendekera kumanzere. Agogo awo a bambo anga ndiwo anachidula pa ng'ombe ya m'khola mwawo. Anavina nacho ingoma, mwana wawo anavina nacho, bambo anga anavina nacho. Pogwirira pake panali pakuda ndi posalala, thukuta la amuna atatu. Ukachitsitsa chinkanunkha mwaye ndi mafuta a ng'ombe. Bambo akabwera pa Khirisimasi, asanamasule chikwama ankayamba achitsitsa, kuchipukuta ndi nsanza, kuchipaka mafuta kuseri kwake ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, osayankhula ndi munthu. Ine ndinkagwira mbale ya mafuta. Akamavina nacho ankachigunda ndi chibonga, ndipo kulira kwake ndinkakumva m'mimba.

Bambo ankagwira ntchito ku Joni, monga amuna ambiri a kwathu. Ulendo wawo womaliza, m'mawa asananyamuke, anachitsitsa n'kundigwiritsa. Chinkandifika m'khosi.

"Ichi n'chako," anatero. "Osachiika pansi."

M'nyumbamo tinalimo atatu, iwo, amama, ndi ine. Bambo anabwerako m'bokosi, litamangidwa pa thirela pamodzi ndi mafiriji ndi njinga za anthu ena.

Maliro atatha a Yotamu anatenga njinga, wailesi, mabulangete, ndi jekete lija Khumbo ankavala m'sewero. Ng'ombe zinali kale m'khola limodzi, ndiye panalibe chosuntha. Anafunanso chishango. Amama anati mwini wake anapatsa mwana. Akuluakulu anayang'anizana, mmodzi n'kunena kuti chisiyeni pamene chili, mwanayu akule. A Yotamu anangoyang'ana kudenga nthawi yaitali.

Khumbo ankakamba kwawo zonse za ku sukulu. Sipanapite masiku ambiri, a Yotamu anatulukira pabwalo tili pakati poyeserera. Anali a m'komiti ya sukulu, ndiye palibe anadabwa. Anaima pansi pa bulugamu, manja kumbuyo, kuonerera mpaka pamene ndinagwada ndi chikatoni changa. Titamaliza anapita kwa a Mbewe akuseka.

"Aphunzitsi, mukutichititsa manyazi ndi chikatonicho. Kuno ndi kwa Angoni. Chishango chenicheni chilipo, kunyumba kwa mwanayu. Ndikakupempherani ine."

A Mbewe anaomba m'manja. Ine ndinakondwa. Ndinali mwana.

Dzuwa litapendeka a Yotamu anafika pakhomo pathu. Amama ankapeta mphale pakhonde. Anawapatsa mpando, iwo n'kukhala pansi chapatali monga mkazi amachitira kwa alamu ake.

"NyaMoyo, aphunzitsi akubwereka chishango. Mpaka tsiku lotsekera basi."

"Chishango si choseweretsa, alamu."

"Ndiye ndikawauze kuti mwakana? Ine wa komiti, nyumba ya mkulu wanga n'kukana?" Anatembenukira kudambo, kumene kunali dimba lathu ndi munda wa kumtunda kwake. "Munda uja ukukukulirani, NyaMoyo. Munthu mmodzi. Tidzakambirana chisanu chikatha."

Amama anapitiriza kupeta. Gaga ankauluka n'kugwera pa nsalu yawo. Kenaka anandiuza kuti ndikwere pa mtondo ndichitsitse.

Za mundazo ine zinandidutsa. Ndinangomva kulemera kwa chishango m'dzanja.

Masiku otsalawo ndinkapita nacho ku sukulu m'mawa uliwonse. Chisanu sindinkachimvanso. Anyamata ankandizinga panjira, aliyense akufuna kugwirako, ine osalola. M'kalasi ndinkachikhazika pamiyendo, chifukwa bambo anati osachiika pansi, ndipo kope ndinkalembera pamwamba pake. A Mbewe anachisisita ubweya n'kunena kuti sanaonepo chokongola chotere. Amadala okumana nawo panjira ankachizindikira ali patali. "Cha Soko ichi," ankatero, n'kundipatsa moni ngati munthu wamkulu. Tikamayeserera ndinkagwada, kupereka, Khumbo kulandira, a Mbewe kuomba m'manja, Khumbo n'kundibwezera. Tsiku lililonse chinkabwerera.

Pali chinthu chimene mwana aliyense wa kwathu amadziwa. Chopatsana ndi dzanja limodzi, mutaimirira, n'chobwereka. Khasu, nkhwangwa, goli la ng'ombe, zimapita choncho ndipo zimabwerera. Koma munthu akagwada pamaso pa akuluakulu, n'kupereka ndi manja awiri, n'kutulutsa mawu pakamwa, chinthucho chapita. Ndodo ya malemu imapita choncho. Chingwe cha ng'ombe ya lobola chimapita choncho. Ine ndinkadziwa. Koma aphunzitsi anati za m'sewero zimathera pabwalo, ndipo ife tinakula tikumva kuti mphunzitsi ndiye amadziwa.

Tsiku lotsekera kunacha ndi mitambo yotuwa yopanda mvula. Makolo anabwera ambiri chifukwa ntchito ya kumunda inali itatha. Amayi anakhala pansi mbali imodzi, atafunda zitenje mpaka kumutu. Amadala anawaikira mabenchi kutsogolo, pafupi kwambiri moti ndinkamva fungo la fodya wawo wa m'mphuno ndi makhoti ogona m'sutikesi. Ambiri mwa iwo Chichewa chawo chinali cha pa wailesi, mawu awiri kugwira, atatu kuwadutsa. A Yotamu anakhala pakati pawo. Amama anali kumbuyo kwenikweni, mlongo wanga wamng'ono ali kumsana.

Kunali nyimbo, kunali ndakatulo, kenaka ife. Ndinalowa ndi chishango, ndinaponda pansi monga bambo ankapondera, fumbi linadzuka. Amayi anaimba nthungululu. Ndinasewera bwino, zimenezo ndinene. Ndinakalipa, ndinaloza Khumbo chala, ndinati cha bambo anga sichichoka m'manja mwanga. Pamenepo mdala wina anafuula, "Eya, mwana wa Soko!" Anzathu amene ankasewera ngati akuluakulu, atadzipaka phulusa kumutu, anagamula mlandu mokomera mphwake. Anthu anaseka, chifukwa kwathu zimenezo ndi zamisala. Nthawi yanga inakwana. Ndinagwada, mawondo onse pansi. Manja awiri. Ndinakweza mawu kuti wakumbuyo amve.

"Landira msuweni, n'chako ichi. Ine ndilibe nacho mawu."

Khumbo analandira. Ana anaomba m'manja. Koma pa mabenchi a amadala panalibe anaseka. Iwo sanaone mwana wadyera ndi mphwake wa ku Dowa. Anaona Zondiwe mwana wa Soko atagwada pamaso pawo, akupereka chishango cha bambo ake ku nyumba ya Yotamu.

A Yotamu anaimirira pang'onopang'ono, anakonza chipewa.

"Yewo chomene," anatero mokweza, akutembenukira uku ndi uku. "Mwapulika mose."

Ndiye kuti zikomo kwambiri, mwamva nonse. Ena anaseka, kuyesa nthabwala. A Mbewe anaseka nawo, osadziwa chimene akuseka. A Yotamu anapita kwa Khumbo, anatenga chishango, anachipanira m'khwapa. "Ndikusungireni, mungachiwononge m'chipwirikitimu."

Ine ndinali chigwadire. Ndinayang'ana kumbuyo kwa anthu. Amama anali atadzuka kale, akupita.

M'mawa mwake ndinapita kukachitenga. A Yotamu ndinawapeza pasangweni, pakhomo la khola pamene amuna a pamudzi amakhala ndi kudyera pamodzi. Ankawotha moto wa zitsononkho ndi amadala awiri amene anali pabenchi dzulo lake. Ndinakhala pansi chapatali, ndinapereka moni.

"Adada, ndabwera kudzatenga chishango."

"Chishango chiti?"

"Cha bambo."

"Iwe unapereka dzulo. Kapena ndinalota?" Anatembenukira amadala aja. "Mwanayu anagwada kapena sanagwade?"

"Anagwada," anatero mmodzi, maso ali pamoto.

"Manja angati?"

"Awiri."

"Linali sewero, adada."

"Sewero? Chishangocho chinali cha sewero? Mawondowo anali a sewero?" Anasonkhezera moto ndi phazi. "Unati ulibe nacho mawu. Nanga awa ukuyankhulawa wawatenga kuti?"

"Bambo anandipatsa ine."

"Anamva ndani? Mawu a m'nyumba amamva makoswe. Ako anamva mudzi wonse. Mbwenu, pita ukatsegulire ng'ombe."

Mdala winayo anatsokomola, analavulira m'phulusa. Ameneyo ndi yemwe uja anati chisiyeni pamene chili, mwanayu akule.

Ng'ombe sindinatsegulire. Ndinathamangira ku nyumba za aphunzitsi. A Mbewe ndinawapeza akumanga chikwama pa njinga, ulendo wa ku Jenda kukakwera basi ya kwawo. Ndinawafotokozera, mawu akugundana pakamwa, Chichewa chikusakanikirana ndi Chitumbuka. Poyamba anaseka. Ataona nkhope yanga analeka.

"Aa, koma linali sewero chabe lija."

"Mukawauze choncho, aphunzitsi. Ndapota."

Anayang'ana njinga, anayang'ana dzuwa. Kupita anapita, zimenezo sindiwanamizira. Ine ndinaima kuseri kwa nkhokwe. A Yotamu anawakhazika pampando wabwino, anaitanitsa chindongwa, thobwa la kwathu. Ndinamva kuseka. Ndinamva a Yotamu akuti, "Si inu munatiphunzitsa dzulo kuti mwana satenga cha bambo ake? Ife tangomvera aphunzitsi." Anasekanso onse. Pochoka a Mbewe anali ndi tambala womanga miyendo m'khwapa. Anandiona.

"Zondiwe, za m'mudzi mwanu ndi zovuta. Ine ndine wobwera."

Anamangirira tambala pamwamba pa chikwama n'kupalasa.

Kunyumba ndinapeza amama akutong'ola chimanga. Ndinawauza kuti apite akanene zimene bambo ananena, iwo analipo. Sanadzutse mutu. Ndinanenanso. Ndinakuwa. Ndinati munamva ndi makutu anu, nanga bwanji munathawa pabwalo. Anaika chitsononkho pansi, anandigwira pamkono mpaka zikhadabo zinalowa.

"Khala chete. Wamva? Nkhani ya chishango yatha m'nyumba muno."

"N'changa."

"Chikopa sudya."

Anandisiya n'kupitiriza kutong'ola. Ndinayang'ana kumapaso. Pamene chinkakhala panatsala malo oyera pakati pa mwaye, ofanana nacho ndendende.

Chisanu chonsecho pasangweni ndinaleka kudya. Ndinkatenga mbatata n'kukadyera kudambo, pakati pa ng'ombe. Chishango chija a Yotamu anachipachika pabalaza pawo, moyang'anizana ndi chitseko, pakati pa kalendala ndi wotchi yakufa, kuti wodutsa aliyense aone. Njira ya kuchitsime inkadutsa pomwepo. Ine ndinkazungulira kuseri kwa khola, m'minga, ndowa ikundithira madzi ozizira kumsana. M'nyumba ya malata mulibe utsi, ndipo ndinkadziwa kuti palibe adzachipake mafuta. Khumbo anayesa kundiyankhula kubusa. Anati si ine, ndi adada. Tinamenyana mpaka ng'ombe zinalowa m'dimba la eni. Anandigonjetsa, anali wamkulu. Anandikhalira pamsana n'kunenanso kuti si ine. Koma sanabweze.

Kutayamba kufunda kunali ukwati kumudzi wa tsidya, amuna anavina ingoma. Khumbo anavina ndi chishango chija. Ankachigwira ngati lichero. Atatopa anachiika pansi, pafumbi, n'kupita kukamwa. Ndinaona galu akuchinunkhiza. Ndinabwerera kunyumba ukwati uli pakati.

Ndinakwiyira a Yotamu. Ndinakwiyira a Mbewe ndi tambala wawo. Ndinakwiyira amadala odziwa chilungamo koma okonda moto wa eni. Koma amene ndinawakwiyira koposa ndi amama. Enawo anali anthu ena. Iwo anali m'nyumba m'mawa uja, anaona bambo akundigwiritsa. Ndinkawayankha ndi mutu basi. Akanditenthetsera madzi osamba, ine ndinkapita kumtsinje kukasamba ozizira. Akandisungira nkhwiru za nyemba, ndinkapatsa mlongo wanga. Koma madziwo ankatenthetsabe m'mawa uliwonse.

Sukulu itatsegulidwa ndinapita, ndinakhala kumbuyo. A Mbewe anabwera ndi sewero lina, la munthu wokana kukumba chimbudzi. Anandiloza kuti ndikhale mwini nkhani, akuti ndili ndi mawu omveka. Ndinayang'ana pawindo mpaka analoza wina. Chaka chotsatira ndinalekeza sukulu. Pamene pali sewero, ngakhale la ku tchalitchi, sindiimapo mpaka lero.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wina ndinamva tcheni ndi likhweru kumunda kwathu. Anali Khumbo, ndi ng'ombe ziwiri ndi pulawo ya a Yotamu. Analima munda wa amama wonse, kuyambira kudimba mpaka kumtunda, asanayambe wa kwawo. Dothi linkanunkha mvula, akakowa akutsatira mzere. Nkhani ija yokambirana chisanu chikatha sinamvekenso. Ine ndinati ndi manyazi amenewo, akudziwa kuti anaba. Amama anatenga mbewu m'lichero n'kumatsatira pulawo, osayang'ana munthu.

Ndinakula, ndinapita ku Joni nanenso, ndinabwerako wamoyo. Ndaona akazi amasiye a kwathu akusenza mphika ndi mphasa kubwerera kwawo, ana atatsala ndi abale a mwamuna, munda utagawidwa maliro asanazizire. Lobola ikaperekedwa ana ndi a kuchimuna, ndipo mkazi amakhala pamudzi alamu akamulola. Amama kwawo kunali ku Engutwini. Akanapita okha. Ine ndi mlongo wanga tikanakulira pakhonde la a Yotamu, kudya zotsala za Khumbo. Munda uja anaulima mpaka msana unapindika, ndipo lero ndikulima ndine. Ndili mwana ndinkati amama anaopa. Tsopano ndikudziwa kuti tsiku lija pakhonde, akupeta mphale, anamva bwinobwino chimene alamu awo ankanena, ndipo pondiuza kuti ndikwere pa mtondo anali atasankha kale. Sanandiuzepo. Inenso sindinawafunse. Anamwalira tisanakambe. Kudziwako sikunathetse mkwiyo. Kunangouchotsa pa amama.

Chaka chatha ndinapita ku Jenda kukagula feteleza. Khumbo ali ndi golosale kumeneko, pafupi ndi pokwerera basi, moyang'anizana ndi amayi a tomato ndi anyezi. A Yotamu anamwalira kale. Ine ndi Khumbo timapatsana moni kumaliro basi. Anandiona ndikudutsa ndi thumba langa, anandiitana. Wanenepa.

"Zondi, tatula kaye. Pali chinthu chako chikungodya malo kuno."

Ndinatula pakhonde. Analowa kuseri, ndinamva akusuntha makatoni, anatuluka nacho. Ubweya unali utathothoka mbali yonse. Banga loyera linasanduka lotuwa, m'mphepete makoswe anadya, pamwamba panali chiboo cha msomali. Koma pogwirira panali pomwe paja, pakuda, posalala. Fungo la mwaye linatha. Chinkanunkha sopo wa m'golosale.

Anachitambasula pamwamba pa kauntala ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali ndi foni kukhutu.

"Landira msuweni," anatero akuseka. "Ukukumbuka? A Mbewe aja kaya ali moyo."

Pakhondepo panali amadala a kwathu, atakhala pa matumba kudikira galimoto. Analeka kucheza. Malo ogwada analipo, simenti yosesa bwino. Ndinayang'ana mawondo ake. Ndinayang'ana dzanja linalo. Ndinadikira.

"Tenga, iwe, mkono ukuwawa," anatero, n'kubwerera kwa munthu wa pafoni uja.

Ndinasenza thumba langa, ndinatsika pakhonde, ndinawoloka msewu.